Mafunso a Patebulo: lupanga kudzanja ili, chishango kudzanja ilo, nanga spell tiponya ndi chani?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akuzungulira pamalo amodzi, munthu akufuna character wogwira chida koma aziponyanso ma spell mu Dungeons & Dragons, geimu ya patebulo yosewera nkhani ndi madayisi, ndiye patebulo pabuka mkangano mpaka geimu kuima. Ndasankhapo amene akubwerabwera kwambiri. Koma tisanapite kutali taonani kaye chaka chimene chalembedwa pa buku lanu la malamulo, chifukwa Player's Handbook ya 2014 ndi ya 2024 anthu amangoti zonse ndi 5e, kutanthauza edition yachisanu ya geimuyi, pomwe pa nkhani ya leroyi mabuku awiriwa amasemphana malo ambiri, ndipo kuno kwathu ambirife malamulo timawerengera pa foni, wina anadawuniloda akale wina atsopano, aliyense nkumalumbira kuti wawerenga bwino ndi iyeyo. Poyankha ndizitchula chaka.

Funso: Ankolo, ine ndimasewera Cleric, kumanja mace kumanzere chishango, ndipo chizindikiro chopatulika chija chinajambulidwa pa chishango pomwepo. Loweruka lapitali ndinaponya Bless DM, woyendetsa geimu yathu, sanakane, koma mnzanga atagwa ndimafuna ndimupatse Cure Wounds DM akuti ayi manja ako onse ndi odzadza. Nanga Bless ija ndinaponya ndi mwendo? Ine ndikuona ngati akungondida basi. Ndine mnyamata wa ku Lizulu.

Yankho: Aphwanga, DM wanuyo sakukudani, waweruza bwino ndithu. Tsegulani spell iliyonse muona pansi pa dzina lake pali timalemba V, S ndi M. V ndi mawu, uyenera kuyankhula momveka, ndiye wina akakumanga pakamwa kapena ukapezeka mkati mwa Silence ndiye kuti zako zada. S ndi kugwedeza dzanja, ndipo pamafunika dzanja limodzi lopanda kanthu. M ndi kanthu kogwirika, kaya nthenga kaya kachikopa, kamene umatapa m'kathumba ka zipangizo kapena m'malo mwake umagwira focus, kachida koponyera ma spell, tsono Cleric ndi Paladin focus yawo ndi chizindikiro chopatulika ndipo lamulo limalola kuti chikhale pa chishango. Apa ndi pamene pali kachiganizo kamene kamasokoneza anthu, kakuti dzanja limene lagwira M litha kupanganso S. Bless ili ndi zonse zitatu V, S, M, choncho dzanja la chishango lija linagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi mace osaisiya. Cure Wounds ili ndi V ndi S basi, M mulibe, ndiye chishango sichikulowapo pa spell imeneyo, changokhala katundu m'dzanja. Zikumveka zokhota kuti spell yofuna zinthu zochepa ndiyo ikuvuta kuposa yofuna zambiri, koma umu ndi mmene a Wizards of the Coast, kampani yopanga geimuyi, anafotokozera mu Sage Advice Compendium, chikalata chawo choyankha mafunso a malamulo, ndipo chitsanzo chimene anapereka ndi cha Cleric wa mace ndi chishango ngati inu nomwe.

Inu a ku Ntcheu mumaona ngoma ikamavinidwa pa Umhlangano ku Nkolimbo, mwamuna chishango uku chibonga uku, tamupatsani chikho cha thobwa muone, ayamba waika chimodzi pansi kapena kupanira m'khwapa. Lamulo la manja likungonena zomwezo.

Njira zotulukira zilipo ndipo sizodula. Turn iliyonse muli ndi mpata umodzi waulere wogwira kapena kusunga kanthu, ndiye bwezani mace m'lamba, ponyani Cure Wounds, turn yotsatira muisolole nkumenya. Chimene mwataya ndi chakuti pakati pa ma turn awiriwo mdani akakuthawani opportunity attack yanu, kumenya kumene mumapatsidwa pa mdani wothawa, ikhala ya chibakera. Chishango chokha musayerekeze kuvula, kuvula ndi action yonse kuvalanso ina. Koma ine ndikanakhala inu tsiku limenelo ndikanaponya Healing Word, ili ndi V yokha, ndi bonus action (kochita koonjezera pambali pa action), imafika mafiti 60, ndipo action yanu imatsala kuti mace imenyebe turn yomweyo. Inde imachiza pang'ono, 1d4 (dayisi imodzi ya mbali 4) pomwe Cure Wounds ndi 1d8 mu 2014, ndipo mu 2024 anakweza zonse kufika 2d4 ndi 2d8, koma munthu wogwa kuti adzuke amangofuna hit point imodzi. Chenjezo limodzi, M ikakhala ndi mtengo wolembedwa, monga ma diamond a 300 gp (ndalama zagolide za mu geimu) a Revivify, chizindikiro cha pa chishango sichilowa m'malo mwake, ma diamond akhalepo ndithu.

Ndionjezere ka anzathu a malupanga akuluakulu poti kafunsidwanso ndi ena. Greatsword kapena greataxe imafuna manja awiri pa nthawi yotema yokha, kungoigwira dzanja limodzi likwana, ndiye wa greatsword amatha kumasula dzanja nkuponya spell popanda vuto lililonse. Wa chishango ndi amene amavutika, ndipo ndi chilungamo, iyeyo watenga kale +2 pa AC, nambala imene mdani ayenera kufikapo kuti amumenye.

Funso: Big man, ndili ndi Fighter wa Eldritch Knight level 5, Extra Attack ndili nayo ndiye ndimatema kawiri. Ndinaphunzira Booming Blade ndipo ndikufuna kutema koyamba kuzikhala Booming Blade kwachiwiri wamba, mwinanso konse kuwiri Booming Blade bwanji. Gulu lagawikana pakati, ena akuti zotheka poti mu spell momwemo muli kutema ena akuti ndikubera. Chinanso DM akundikaniza spell ya Shield ndikagwira longsword ndi chishango. Tithandizeni tisanadane. Wanu wa pa Dedza boma.

Yankho: Achimwene, pa level 5 zonse ziwiri sizotheka. Extra Attack imadzuka pokhapokha mwasankha Attack action. Booming Blade ngakhale mkati mwake muli kutema ndi lupanga ndi spell basi, ndipo kuiponya ndi action ina, buku la 2014 limati Cast a Spell la 2024 limati Magic. Action muli nayo imodzi, ndiye turn imeneyo musankhe, kutema kawiri kapena Booming Blade kamodzi. Anzanuwo akusokonezeka poona d20 ikugubuduka ndipo lupanga latema nkumati ndiye Attack action imeneyi, ayi, kumenya kumapezeka malo ambiri mu geimu, opportunity attack nakonso ndi kumenya koma palibe amatema kawiri pamenepo.

Tiyeni tiwerengere pa kope kuti muone kuti simukuluza kwenikweni. Longsword ndi 1d8, tinene Strength yanu ndi +3. Kutema kawiri zonse zikalowa avereji ndi 15. Booming Blade pa level 5 ndi 1d8+3 kuphatikiza 1d8 ya thunder, avereji 12, ndiye mdaniyo akasuntha mwakufuna kwake isanakwane turn yanu ina adya 2d8 pamwamba, zonse pamodzi 21. Mawu oti mwakufuna kwake muwagwire bwino, mukamukankha inuyo kapena mnzanu akamukoka sizikuwerengedwa. Ndiye chikakhala chilombo choti chaima nanu maso ndi maso sichikupita kulikonse temani kawiri, komanso kuponya d20 kawiri kumachepetsa mwayi wotuluka chimanjamanja. Akakhala woponya mivi kapena wizard woti akufunitsitsa atachoka pafupi nanu, Booming Blade ndiye mankhwala ake, aime mumuteme kapena athawe aphulike.

Zimene mukulakalakazo zilipo koma zimabwera ndi ma level. Pa level 7 Eldritch Knight amapeza War Magic. Mu 2014 imati ukaponya cantrip, spell yaing'ono yosatha monga Booming Blade, ndi action utha kutema kamodzi ndi bonus action, ndiye Booming Blade kenako kutema wamba, avereji 19.5 mdani asanasunthe nkomwe. Mu 2024 anaisintha kuti ukasankha Attack action utha kuika cantrip m'malo mwa kutema kumodzi, bonus action nkutsala yako. Wizard wa Bladesinger naye ali ndi zofanana pa level 6 mu Tasha's Cauldron of Everything ya 2020. Chimene mukufuna pa level 5 ndi mphoto imene anzanu amaidikira mpaka level 6 kapena 7, DM akakupatsani lero ndiye kuti level 7 yanu idzafika yopanda kanthu. Booming Blade kawiri pa Attack action imodzi ndiye iwalani, War Magic imalola cantrip imodzi yokha.

Amene Booming Blade imamukomera kwambiri ndi Rogue, poti iyeyo alibe Extra Attack yoti ataye ndipo Sneak Attack imalowabe bola chida chikhale cha finesse. Dziwaninso kuti spell imeneyi simu Player's Handbook, inatuluka mu Sword Coast Adventurer's Guide ya 2015 nkudzaikonza mu 2020, ndiye DM ali ndi ufulu kunena ngati mabuku amenewo akulowa patebulo pake. Amene muli pa 2024 taonani True Strike yatsopano, imakulolani kutema ndi chida mukugwiritsa ability yanu ya ma spell m'malo mwa Strength kapena Dexterity.

Za Shield DM akulondola. Ili ndi V ndi S ngati Cure Wounds ya mnzathu wa ku Lizulu, koma apa zikuvuta kuposa chifukwa Shield ndi reaction, imaponyedwa pa turn ya mdani pamene mulibe mpata wobweza lupanga m'chimake. Mufunika feat (luso lapadera losankha) ya War Caster, imene imalola S manja onse atagwira zida kapena chishango, imapereka advantage (kuponya d20 kawiri nkutenga yaikulu) pa ma save a concentration, dayisi yoponya kuti spell imene mukusunga isagwe mukavulazidwa, komanso mdani akamathawa mutha kumuponyera spell m'malo mwa opportunity attack bola spell ikhale ya action imodzi ndipo yolunjika iye yekha. Matebulo ambiri amalola Booming Blade pamenepo. Inu Fighter mumasankha feat pa level 4, 6 ndi 8, pafupipafupi kuposa ena onse, ndiye level 6 ili pakhomopa tengani War Caster. +5 ya Shield pa AC pamwamba pa chishango si zinthu zopatsidwa ulere.

Funso: Ankolo ine ndine DM wa kagulu kathu, timasewera pa veranda masana poti madzulo kuno kukuzizira koopsa. Sabata yatha ndinakaniza Cleric kuponya Healing Word ndi Cure Wounds turn imodzi ndinati ma spell awiri saloledwa, kenako Fighter amene alinso ndi ma level a Wizard anaponya Fireball, nkupanga Action Surge yomupatsa action yachiwiri, nkuponyanso Fireball, ndinakanizanso. Iye akuti ndamulakwira. Timagwiritsa buku la 2014. Ndine mtsikana wa ku Bembeke.

Yankho: Achemwali, kwa Cleric munaweruza bwino, kwa Fighter malinga ndi buku la 2014 iyeyo akunena zoona. Lamulo loti ma spell awiri pa turn saloledwa mu buku limenelo mulibe, ngakhale pafupifupi tebulo lililonse limalinena choncho. Limene lilipo ndi lopapatiza, limati ukaponya spell ndi bonus action, turn yomweyo sungaponyenso spell ina kupatula cantrip ya action imodzi. Chimene chimadzutsa lamuloli ndi bonus action basi. Healing Word ndi bonus action, ndiye yotsatira ikhale Sacred Flame kapena kumenya ndi mace, Cure Wounds ayi. Misty Step kenako Fireball ayi. Ndipo zilibe kanthu kuti wayamba ndi iti, kaya Fireball poyamba Misty Step pambuyo ndi zoletsedwabe. Koma Fireball, Action Surge, Fireball mulibemo bonus action, ndi ma action awiri, ndiye zololedwa, bola ma slot (mipata yowerengeka yoponyera ma spell) a level 3 akhale nawo awiri. Zikuoneka ngati zamphamvu mopitirira koma taganizani kuti munthuyo anataya ma level awiri a Wizard kuti apeze Action Surge, ma spell ake akuluakulu onse akubwera mochedwa ndi ma level awiri, ndipo Action Surge imabwerera pokhapokha atapuma.

Amene muli pa 2024 nkhani ndi ina. Kumeneko lamulo limati pa turn imodzi ungagwiritse spell slot imodzi yokha poponya spell, ndipo Action Surge anaitsekera kuti isakhale ya Magic action. Ndiye ma Fireball awiri aja kumeneko palibe. Mbali ina lamulo latsopanoli ndi lomasuka, spell imene ukuponya osadya slot, monga zija zaulere zochokera ku feat, siiwerengedwa. Ine ndimaona ngati la 2024 ndi losavuta kuphunzitsa munthu watsopano, ndipo ngati inuyo likukusangalatsani mutha kulibwereka patebulo panu, ndinu DM, koma muwauze anthu geimu isanayambe, makamaka uyo wa Fighter poti character wake anamumanga potsamira lamulo lakale. Pa session ikubwerayi mungomuuza kuti wawerenga bwino, ulemu wanu ngati DM suchepa nazo.

Kena kakang'ono, turn ndi raundi ndi zosiyana. Mukaponya Healing Word pa turn yanu, pa turn ya mdani mutha kuponyabe spell ya reaction poti imeneyo ndi turn ya wina.

Funso: Ine ndi mkulu wanga tatsala pang'ono kusiya kuyankhulana chifukwa cha Paladin. Ine ndikuti Divine Smite nditha kuiyika pa kutema kulikonse kumene kwalowa, iwo akuti ndi kamodzi pa turn ndipo imadya bonus action. Akuti anaona pa YouTube. Wolondola ndani? Wa ku Kampepuza.

Yankho: Nonse awiri, aphwanga, mwangowerenga mabuku osiyana. Mu 2014 Divine Smite si spell, ndi mphatso ya class imene Paladin amapeza pa level 2. Ukatema ndi chida cha pafupi nkulowa, pamenepo ndi pamene umasankha kuwotcha slot, 2d8 ya radiant pa slot ya level 1, kuonjezera 1d8 pa level iliyonse yokwera mpaka 5d8, ndi 1d8 ina ngati mdani ndi undead kapena fiend. Siidya action kapena bonus action, ilibe V ilibe S, Counterspell siigwira, ndipo pa level 5 ukatema kawiri zonse nkulowa utha kuwotcha ma slot awiri. Poti umasankha utaona kale dayisi, anthu ochenjera amadikira 20 kuti ma d8 onse awirikize. Ngakhale Barbarian amene ali mu Rage, woti saloledwa kuponya spell kapena kusunga concentration, akakhala ndi ma level a Paladin amapanga smite bwinobwino.

Mu 2024 anaisandutsa spell ya level 1 yoponyedwa ndi bonus action ukangotha kumenya. Ndiye akulu anuwo akunena za kumeneko, kamodzi pa turn, ili ndi V kotero mu Silence siituluka, mu Rage siitheka, ndipo turn imene wapanga smite sungagwiritse bonus action pa china. Pobwezera anampatsa Paladin kuiponya kamodzi osadya slot pa long rest iliyonse. Ambiri anadandaula nazo, ine mbali yanga ndikuona chifukwa chake, Paladin wa 2014 amatha kumaliza chilombo chachikulu turn imodzi anzake asanagwire nkomwe dayisi, ndipo DM amene wakonzekera nkhondoyo sabata yonse zimamuwawa. Koma zimenezo ndi zokambirana, chofunika kwa inu nkuti mukhale pansi ndi akulu anuwo muone buku limene DM wanu akugwiritsa, limenelo ndiye likulamula. Mavidiyo ambiri satchula chaka ndiye musamawadalire okha.

Funso: Ranger wanga ndikangoponya Hunter's Mark nkulowa pakati ndi malupanga awiri spell imagwa nthawi yomweyo. Ma goblin atatu akandimenya DM amandiponyetsa save katatu, si kamodzi kokha pa raundi? Wa ku Linthipe.

Yankho: Ndi katatu ndithu, kuvulala kulikonse kuli ndi save yakeyake ya Constitution. DC, nambala yofunika kuifika, ndi 10 kapena theka la damage, chimene chakula, ndiye kumenyedwa ndi 21 kutsika pansi DC ndi 10, ndi 22 ndi 11, ndi 40 ndi 20. Anthu amaopa chimphona chomenya kamodzi mwamphamvu pomwe amene amagwetsa concentration kawirikawiri ndi tizilombo tambirimbiri tomenya pang'onopang'ono. Tawerengani, Constitution +2 pa DC 10 mufunika 8 kukwera, mwayi ndi 65 pa 100. Kupambana katatu motsatizana mwayi watsika kufika cha m'ma 27 pa 100. Ndi advantage ya War Caster save imodzi imakwera kufika pafupifupi 88 pa 100, katatu cha m'ma 68. Ranger alibe proficiency (luso lophunzitsidwa) pa Constitution save, ake ndi Strength ndi Dexterity, pomwe Fighter, Barbarian ndi Sorcerer amabadwa nayo, ndiye ngati mumakonda kulowa pakati ganizirani War Caster kapena Resilient ya Constitution. Njira yaulere ndi kaimidwe, musalole kuzunguliridwa, imani pa khomo kapena pakona poti akufikireni mmodzimmodzi. Amene mumajambula mabokosi pa pepala nkumagwiritsa zitsekerero za mabotolo ngati anthu mumaona msanga kuti bokosi limodzi pabwalo lili ndi mabokosi 8 olizungulira, pa khomo lopapatiza ndi limodzi kapena awiri.

Muzikumbukiranso kuti concentration ndi imodzi. Mukaponya Ensnaring Strike, Hunter's Mark yagwa yokha popanda wokumenyani. Paladin wa 2014 naye akaponya Thunderous Smite kapena Wrathful Smite, Bless imene anaikira gulu yapita, poti ma smite amene ali ma spell amafuna concentration kusiyana ndi Divine Smite. Ndipo Wizard amene waikira mnzake Haste asapite kutsogolo ngakhale pang'ono, ikagwa mnzakeyo amauma turn yonse osasuntha osamenya adani ali pakhosi.

Funso: Ine ndi wachikulire pang'ono, geimuyi ndinaiphunzira ndili pa ntchito ku Johannesburg kalekale. Panopa ana a mlongo wanga akusewera ndiye ndimakhala nawo, koma ndikuona Wizard wavala zachitsulo akuponya spell osalephera, komanso akuponya mdani ali pamphuno osamenyedwa. Ife sitimatero. Anawa akuphonya kapena zinasintha? Bambo wa ku Biriwiri.

Yankho: Zikomo bambo polemba, ndipo zikusangalatsa kuti mukukhala nawo anawo. Zimene mukukumbukazo ndi zoona, ndi malamulo a 3.5 ya 2003 ndi Pathfinder yoyamba ya 2009. Kumeneko chovala chilichonse chodzitetezera chinali ndi arcane spell failure, chachikopa 10 pa 100, full plate 35 pa 100, ndipo kuponya spell pafupi ndi mdani kumamupatsa attack of opportunity pokhapokha utaponya modziteteza nkupambana check ya concentration. Mu 5e zonse ziwiri anachotsa. Lamulo la zovala tsopano ndi loti ngati uli ndi proficiency pa chovalacho umaponya bwinobwino, ngati ulibe sungaponye spell ngakhale imodzi, palibe za maperesenti. Wizard payekha alibe proficiency pa chovala chilichonse, ndiye mumufunse mphwanuyo kuti anaitenga kuti. Ngati anayamba level 1 ngati Fighter ali nazo zonse mpaka heavy, koma ngati anayamba Wizard nkudzalowa Fighter pambuyo amangopeza light, medium ndi chishango, plate ayi. Apa ana ambiri amaphonya. Plate imafunanso Strength 15, kupanda apo liwiro limatsika ndi mafiti 10.

Za kuponya mdani ali pamphuno, opportunity attack mu 5e imabwera ukamachoka pamene mdani amafikira, kuponya spell pakokha sikuidzutsa. Chilango chimene chinatsala nchakuti spell yoponya patali yofuna attack roll, monga Fire Bolt kapena Eldritch Blast, imakhala ndi disadvantage ngati mdani wokuona ali mafiti 5 kuchoka pa iwe. Ma spell a save monga Burning Hands kapena Sacred Flame sakhudzidwa, ndipo Shocking Grasp anaipangira malo ngati amenewo. Mdani amene akufuna kulanga woponya ma spell pafupi afunika feat ya Mage Slayer ya 2014, imeneyo ndiyo imamupatsa reaction yomenya. Ngati mumasowa kusakaniza lupanga ndi spell kwa mtundu wakale, Magus wa Pathfinder uja wa Spell Combat ndi Spellstrike, wofanana naye kwambiri kwa anawa ndi Bladesinger kapena Eldritch Knight, muwaonetse mmene inu mumaseweretsera.

Funso: Kunena zoona ine ngati DM zowerenga manjazi zimanditopetsa, tili pakati pa nkhondo yokoma wina nkuyamba lupanga waika pati, wagwetsa kapena wabweza. Ndingangolisiya lamuloli? Wa ku Tsangano.

Yankho: Mutha kulisiya, tebulo ndi lanu, ndipo ma DM ambiri amatero geimu nkumayenda bwino. Koma ine sindingakulangizeni kulitaya lonse, chifukwa ndi limene limasiyanitsa wa chishango ndi wa greatsword ndi wa ndodo, mukalichotsa aliyense woganiza bwino angotenga chishango poti palibenso chimene akuluza. Chimene ndingakuuzeni ndi kudula pakati. Pa turn ya munthu mwini musamufunse zambiri, tingoti wabweza chida waponya wasolola, poti lamulo lomwe limamupatsa njira yochitira zimenezo ndipo zongotaya nthawi ndi kuzifotokoza. Zogwetsa lupanga pansi nkulitolanso turn iliyonse zija zimaonongadi kukoma kwa nkhani, ndipo buku la 2024 linawerengera kugwetsa pamodzi ndi kubweza chida, komanso limalola kusolola kapena kubweza chida chimodzi pa kumenya kulikonse kwa Attack action. Koma pa ma reaction, Shield, Absorb Elements, Counterspell, pamenepo gwiritsitsani lamulo, chifukwa mphamvu yeniyeni ili pamenepo. Auzeni osewera alembe V, S, M pambali pa spell iliyonse pa character sheet ndi pensulo, ndiye funso likabwera yankho lili pamaso pomwepo osayamba kusakasaka pa foni bandulo itatha. Ndipo mukasankha kulichotsa lonse, muyambe mwaona ngati pali amene anatenga kale War Caster chifukwa cha manja, ameneyo mumulole asinthe feat ngati akufuna.